Mphepo Ilipo

Ku Nkhudzi, ukachoka padoko n'kukwera kanjira kamchenga kodutsa pamathandala oyanikira usipa, umafika panyumba ya malata yofupika khoma imene kwa zaka zambiri inkadziwika ndi kuzizira kwake. Mwezi wa Okutobala, pamene mchenga umawotcha ngakhale utavala patapata, nkhuku n'kumayenda milomo ili yasa, munthu ankati akalowa m'chipinda cha nyumba imeneyi thukuta linkauma lokha. Ukafunsa chifukwa chake, aliyense ankakuuza kuti ndi fani ya a Simioni. A Simioni eni ake ankanena zomwezo, mokweza. Akazi awo, a Ines, sankatsutsa.

A Ines anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, kufupi ndi Mandimba. Anawoloka pa Chiponde nthawi ya nkhondo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mphika uli pamutu, mng'ono wawo ali kumsana. Kumalo kumene othawa nkhondo ankakhala anaphunzirako zinthu ziwiri zimene sizinawachokenso. Choyamba chinali kuluka mikeka ya mlaza, luso limene anatengera kwa mayi wina wachiyawo amene anayandikana naye. Chachiwiri chinali kulandira ndi manja awiri. Akakupatsa nyemba zofumbwa, unkati zikomo. Akakupatsa bulangete dzuwa likuswa mtengo, unkati zikomo, n'kulipinda bwinobwino. Mwana akangoyamba kunena kuti chinthu ichi sichili bwino, mayi ake ankamutsina pantchafu mawu asanathe.

Nkhondo itatha abale awo anabwerera kwawo. Iwo anatsala chifukwa cha mnyamata wina wolongolola amene ankabwera ndi madengu a usipa kumsika wa Chiponde. Mnyamatayo anali Simioni. Anawatengera kunyanja, ndipo kuyambira tsiku laukwati sanawatchulenso dzina lawo. Ankawaitana kuti a Mandimba.

A Simioni anali siginala, munthu amene amatsogola ndi bwato la nyali kukopa usipa kuti anzake auzinge ndi ukonde wa chilimira. Ntchito imeneyi ndi ya mumdima, choncho tulo take ndi ta masana. Chaka china usipa utaphedwa wambiri anamanga nyumba ya njerwa zowotcha n'kufolera ndi malata, yoyamba pamzere wawo wonse. Koma njerwa zinatha khoma lisanafike pamene linayenera kufika, ndipo iwo sanafune kudikira. Malata anakhala pafupi, moti munthu wamtali akatambasula dzanja ankawakhudza. Chilimwe choyamba chinaulula zonse. Pofika teni koloko m'nyumbamo munkakhala ngati mu uvuni wowambira nsomba. Mwana wawo woyamba, Rabson, anatuluka tizilonda ta thukuta thupi lonse. A Simioni, mwini nyumba ya malata, anayamba kukagona masana m'kakhitchini kaudzu kuseri, pafupi ndi mafuwa, ndipo alovi awo, anthu okoka chilimira, anayamba kufunsana mokweza ngati malatawo bwana anagulira nkhuku.

A Ines sanakambirane ndi munthu. Anakwera kudambo kukadula mlaza, anauyanika, anaung'amba, n'kuluka mikeka isanu ndi itatu. Anaimangirira kunsi kwa mapaso a chipinda chogona ndi ulusi wa maukonde akutha, ndipo pakati pa mikeka ndi malata anatsenderapo udzu wouma. Pamawindo awiri anapachikapo ziguduli. Tsiku lililonse la chilimwe, amuna awo akangodya n'kugona, ntchito inkayamba: kuviika ziguduli, kuwaza madzi pansi, kutseka windo la kum'mawa dzuwa lisanalowe, kudzalitsegula likapendeka. Ziguduli zinkauma katatu dzuwa lisanapepe, ndipo katatu konseko ankalowa monyang'ama, kuzichotsa, kuziviika, kuzibwezera. Madzi a zimenezi zokha anali ndowa zisanu ndi imodzi, kuchokera kunyanja, pamutu, osawerengera ophikira ndi osamba. Chaka chilichonse mphepo ya mwera ikamatha ankatsitsa mikeka iwiri yofumbwa kwambiri n'kuikapo yatsopano.

A Simioni anabwerera m'chipinda chawo. Ankagona ntchito isanayambe, n'kudzuka itatha. Mikekayo ankaiona ndithu, ndipo ankauza alendo kuti a Mandimba amakonda zokongoletsa.

Magetsi atafika pamzere wawo, Rabson ali kusekondale, mlongo wake Jacqueline ali kupulayimale, a Simioni anapita kuboma ku Mangochi n'kubwerako ndi fani yoimika pansi, ya mapiko atatu abuluu. Pamatola anakana kuti iikidwe pamodzi ndi katundu. Anaifungatira ulendo wonse ngati khanda, ndipo asanafike anali ataipatsa kale dzina loti Mwera. Poyamba anaiimika pakhomo la chipinda kuti odutsa aziiona. Tsiku lachiwiri iwo ali mtulo, a Ines anaisunthira pawindo, kutsogolo kwa chiguduli chonyowa, ndipo mpweya umene inkaponya unazizira ngati wochokera pamadzi. A Simioni atadzuka ananena kuti Mwera wayamba kuizolowera nyumba.

Mbiri inayambira pamenepo. Alendo ankalowetsedwa mpaka kuchipinda kuti akamupatse moni Mwera. A Simioni ankadina kabatani kuti faniyo iyambe kutembenuza mutu uku ndi uku, kenako n'kuifunsa pamaso pa anthu.

"Iwe Mwera, m'nyumba muno tibweretsemo mkazi wachiwiri?"

Mwera n'kupukusa mutu.

"Mwaona? A Mandimba anamudyetsa kale mankhwala ameneyu."

Anthu ankaseka, a Ines nawonso ankaseka, ndowa ili m'manja. Magetsi akazima chipinda chinkazizirabe, koma zimenezo sizinadodometse aliyense. A Simioni ankati Mwera amasiya mphepo yake m'makoma. A Ines sizinkawapweteka ayi. Kunena zoona, nthabwala ya mkazi wachiwiriyo ankaikonda. Iwo ankangodziwa kuti mwamuna amene wagona bwino masana sasinza m'bwato, ndipo zimenezo zinkawakwanira.

Pa zaka khumi ndi zitatu Mwera anadwala katatu, ndipo katatu konseko amene anamusenza kupita naye ku Monkey Bay kwa a Nassoro, okonza mawailesi ndi mafani, anali a Ines. A Nassoro ankawalandira ndi mawu omweomwewo, akuti wodwala wanu wabweranso, mama. Ulendo wachitatu anayang'anitsitsa dzimbiri la kuphazi kwake, n'kufunsa ngati fani imeneyi imaperekeza bambo kunyanja. A Ines anangomwetulira.

Zaka ziwiri zapitazo, m'mwezi wa Meyi, a Simioni anagwa akusoka ukonde pamthunzi. Anatuluka m'chipatala mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka. Munthu amene ankatha kuseketsa doko lonse anatsala ndi mawu awiri kapena atatu. Amodzi mwa mawuwo anali akuti pano.

Jacqueline, amene tsopano anali mphunzitsi kuboma, anafuna kuwatenga. Nyumba yake ili ndi siling'i, ndipo chipatala chili pafupi. A Simioni atamva anamenya bedi ndi dzanja lamanzere, akuti pano, pano. Chifukwa chake a Ines ankachidziwa. Bedi linali pawindo, ndipo m'mawa uliwonse alovi pochokera kunyanja ankaima pawindopo kuwauza kumene usipa aupeza, mphepo yawomba bwanji, siginala watsopano walakwitsa chiyani. A Simioni ankapukusa mutu kapena kuseka ndi theka la pakamwa. Moyo umene unawatsalira unali umenewo. Jacqueline anagonja, koma anasiya mawu. Ababa akhala pano ngati thupi lawo likhala bwino. Munthu wogona chigonere sachedwa kutuluka zilonda kukatentha, ndipo tsiku limene iye adzaone chilonda kumsana kwawo, adzawatenga osafunsanso munthu. A Ines anavomera mosavuta. Chilimwe sankachiopa, anali atalimbana nacho zaka pafupifupi makumi atatu.

Kumapeto kwa Seputembala Mwera anadwalanso. Ankangong'ung'udza osazungulira. Ukamukankha phiko ndi kamtengo ankayamba, kenako n'kuima. A Ines anamupukuta, anamukulunga m'chitenje, n'kumuimika pakhomo kuti Lolemba apite naye kwa a Nassoro. Loweruka lake kunafika Rabson kuchokera ku Joni, kumene amayendetsa lole. Bambo ake atagwa iye sanabwere, mapepala ake sanali bwino, ndipo miyezi inayi imeneyo inkaoneka pankhope pake. Anagwada pambali pa bedi nthawi yaitali. Atadzuka, maso ake anayamba kufunafuna chinthu choti achite, chachikulu.

Nkhani ya Mwera anakambirana m'chipinda momwemo kuti wodwala azimva. Jacqueline analipo. A Ines ananena maganizo awo mwachidule, kuti a Nassoro amamudziwa Mwera. Rabson anaseka mwachifundo. Anati fani imeneyi yaikidwa zigamba kuposa ukonde wa ababa, ndipo chinthu chikafa kachinayi chimakhala chikupempha kupuma. Ku Joni nyumba zonse zabwino zili ndi fani ya kudenga, yaikulu, yomwaza mphepo chipinda chonse, osati kakang'ono kopemerera mbali imodzi. Agula imeneyo. Kuti ipachikike pamtanda, mikeka iyenera kutsika, ndipotu udzu wouma pafupi ndi mawaya ndi moto wodikira tsiku. Pambuyo pake kalipentala adzakhoma siling'i yeniyeni, yamatabwa. Jacqueline anaonjeza kuti fumbi la mikekayo si labwino kwa munthu wodwala.

Rabson anawerama. "Ababa, Mwera wakalamba. Ndikubweretsereni mkulu wake?"

Theka la pakamwa pa a Simioni linakwera. Maso awo anawala monga a Ines anali asanawaonerepo chigwereni.

Kenako Rabson anayang'ana kumwamba, n'kutembenukira kwa mayi ake. Anafunsa ndi mtima wabwino, ndipo anadikiradi yankho.

"Amayi, mikekayi ili ndi ntchito yanji kwenikweni?"

Mawu onse anali pakamwa. Koma amuna awo ankamvetsera. Kuyankha zoona kunali kunena, pamaso pa ana, kuti kuzizira kwa nyumba ino sikunachokere kwa Mwera, kuti zaka zonsezi bambo akhala akuyamika chinthu cholakwika. Munthuyu nyanja anali atalandidwa, dzanja atalandidwa, lilime atalandidwa, watsala ndi mbiri ya fani yake basi. Ndipo apa panali mwana amene wayenda masiku atatu pabasi, atatambasula manja kuti apereke. A Ines anamva ngati zala za mayi awo zawafika pantchafu.

"Ndi yokongoletsa basi, mwanangu."

Mumtima ankadziuza kuti siling'i yamatabwa ikubwera, kusiyana kudzakhala kwa masiku ochepa.

Lachiwiri anyamata a zamagetsi anadula ulusi. Udzu wa zaka zambiri unagwa ndi fumbi lake, ndipo pakati pake panagwanso chisa cha makoswe. Aliyense anati mwaona. Mikeka inang'ambika potsika. Imene inatsalako bwino anthu oyandikana nawo anapempha kukatchingira mabafa, ndipo a Ines anapereka. Fani yatsopano inapachikidwa, yoyera, mapiko ake aatali ngati nkhafi. Anaiyesa cha kumadzulo kutapepa, ndipo aliyense anayamikira. A Simioni anaiyang'ana ikuzungulira mpaka misozi. Mwera anaikidwa kuseri kwa chitseko ali m'chitenje chake. Lachisanu Rabson anakwera basi. Kalipentala analonjeza kubwera sabata yotsatira, koma anaitanidwa kumaliro kwawo ku Chowe, ndipo ali komweko anapeza ntchito yofolera tchalitchi.

Okutobala analowa malata ali pambalambanda.

A Ines anazindikira tsiku loyamba lomwe. Pofika leveni koloko malata ankatentha moti sukanaikapo chala, ndipo fani ija inkatenga mpweya wonse wa pansi pa malatawo n'kumauthira pabedi. Unali mpweya wouma, wowawula, wonga umene umakumenya kumaso ukavundukula uvuni. Ziguduli zinkauma asanatembenuke. Ndowa zisanu ndi imodzi zinasanduka khumi, koma sizinathandize. Anayesa kuizimitsa faniyo. A Simioni analoza kudenga ndi dzanja lamanzere, nkhope itakwiya, chifukwa inali mphatso ya mwana wawo. Anaiyatsanso. Anayesa kuwatulutsa kuti azigona pakhonde masana, koma bamboyo anali wolemera, ndiponso sankafuna kuti odutsa aziwaona akudontha dovu. Anagwira mwendo wa bedi, akuti pano.

Lamulungu lililonse Rabson ankaimba foni, ndipo funso lake loyamba linali limodzi.

"Amayi, m'chipinda cha ababa mphepo ilipo?"

A Ines ankaima pakhomo la chipindacho, mpango wakumutu ukupepeluka. Mphepo imene mwana ankafunsa inali ya kuzizira. Imene inali m'chipindamo inali yongowomba. Koma dzina lake ndi limodzi.

"Ilipo."

"Yambiri?"

"Yambiri, mwanangu. Zikomo."

Silinali bodza, ndipo n'chifukwa chake linkatuluka mosavuta.

Anaganiza zokonza okha mwakachetechete, monga anachitira kale. Koma kale anali ndi zaka makumi awiri, ndipo mwamuna ankangogona osafuna kanthu. Tsopano dambo lapafupi linali litasanduka minda, mlaza unali kutali, ulendo wa maola awiri kupita kokha. Ankasiya wodwala m'manja mwa a Esitere, mayi wamasiye woyandikana nawo, n'kunyamuka m'mamawa. Kuluka kunkachitika pakati pa ntchito zina: kuwatembenuza a Simioni, kuwapukuta, kuwamwetsa phala, kuchapa zofunda, kutsika kunyanja, kuviika ziguduli. Ankaluka atakhala pansi pambali pa bedi, mpweya wotentha uja ukuwatsikira pakhosi. Mkeka umodzi unkawatengera masiku asanu. Kupachika umodziumodzi sikukanatheka, chifukwa mikekayo imasokedwa pamodzi kuti inyamule udzu, ndiponso pankafunika kusiya bowo pakati loti fani ya Rabson idutsepo, kuti mwana akadzabwera asadzaone ngati mphatso yake yakanidwa.

A Esitere, amene ankadziwa zonse chifukwa zaka zonsezi ankakumana nawo panjira ya kunyanja, sanabise mawu. Ankati a Ines ali ndi pakamwa pongodyera. Tsiku lina anawapeza akuluka thukuta likuchucha.

"Anzanga, foni muli nayo. Muuzeni mwanayo kuti chimphepo chakecho chikuwamba bambo ake ngati mlamba."

"Anagula ndi mtima wabwino."

"Eya, ndiye tidzawadya ndi mtima wabwino akapsa."

A Ines anaseka pang'ono, n'kupitiriza kuluka. Anati kwatsala pang'ono.

Sabata yachitatu anaona malo ofiira kumunsi kwa msana wa amuna awo, aakulu ngati chivindikiro cha botolo. Anatsuka, anapaka mafuta, anawagoneka chammbali. Koma thukuta silinkauma, zofunda zinkanyowa katatu patsiku, ndipo a Simioni anayamba kukana chakudya. Alovi akabwera pawindo ankawapeza ali lefu, maso otseka. Sabata yachinayi khungu linatseguka.

Jacqueline ankabwera Loweruka lililonse m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanakwere, n'chifukwa chake sanadziwe kanthu. Loweruka limenelo minibasi inawonongeka panjira, anafika wani koloko. Analowa m'chipinda, anaima pansi pa fani, n'kukweza dzanja ngati akudzitchinjiriza. Anapita pabedi, anawatembenuza bambo ake, anakweza malaya. Anakhala chiweramire kanthawi, kenako anatulutsa foni n'kuyamba kufunsa za galimoto.

A Simioni anamva. Dzanja lamanzere linayamba kumenya bedi, koma mopanda mphamvu. Pano. Pano.

Pamenepo m'pamene a Ines analankhula. Analankhula ataimirira, mkeka wachisanu uli kumapazi kwawo, ndipo zonse zinatuluka nthawi imodzi, mosalongosoka. Anafotokoza za njerwa zimene zinatha, za udzu wa pamwamba pa mikeka, za ziguduli katatu patsiku, za ndowa, za tsiku limene anamusunthira Mwera pawindo. Anati fani iyi ikutsitsa moto wa malata. Anati mikeka isanu yatha, yatsala itatu, awapatse masabata awiri okha chipinda chibwerera mwakale, chilonda chiuma.

Jacqueline anawayang'ana ngati akuwaona koyamba. Iyenso anakulira m'nyumba yomweyi, anaziona ndowazo tsiku ndi tsiku, koma ankayesa ndi madzi a pakhomo.

"Amayi, achimwene anakufunsani. Ine ndinali pomwepa. Bwanji simunanene?"

Jacqueline sanakalipe. Anangonena motsitsa mawu kuti chilonda chafika poti chizitsukidwa kuchipatala tsiku lililonse, masabata awiri palibe. Zikanakhala sabata ziwiri zapitazo, bwenzi atapeza anthu, mikeka akanagula kumsika tsiku limodzi, fani akanaitsitsa. A Ines anali asanaganizeko n'komwe zogula mkeka.

Nthawi yonseyi a Simioni anali atasiya kumenya bedi. Anayang'ana malata, anayang'ana kuseri kwa chitseko kumene kunali Mwera, kenako anayang'ana manja a akazi awo, odzaza ndi timabala ta mlaza. Nkhope yopotokayo inali yosawerengeka. Galimoto inafika cha m'ma folo. Alovi anayi anawanyamula pamatiresi. Podutsa pakhomo a Simioni sananenenso pano.

Kuboma chipinda chinali chozizira bwino. Windo lake linayang'ana mpanda wa njerwa wa nyumba ina. Chilonda chinapola pofika Khirisimasi, monga Jacqueline ananenera, ndipo palibe amene anganene kuti mwanayo analakwa. Koma m'mawa kunalibe woima pawindo. Alovi anabwera kamodzi, atavala malaya a kutchalitchi, anakhala pampando ndi manyazi, nkhani za usipa sizinatuluke. A Simioni anasiya kunena pano. Anasiya kunena chilichonse. A Ines anali atatenga mlaza wotsala, ndipo poti manja analibe ndowa yonyamula, anamaliza mikeka itatu ija atakhala pambali pa bedi. Tsiku lina masana, akuluka womaliza, dzanja lamanzere la amuna awo linatsika pabedi, linafufuza, n'kugwira m'mphepete mwa mkekawo. Linaugwira nthawi yaitali. A Ines anasiya kuluka, anadikira. Kenako dzanjalo linamasuka, bamboyo anagona.

Mvula itakhazikika ndi kutentha kutachepa, a Ines anayamba kunena zobwerera, koma thupi la wodwala linali litatsika kwambiri moti ulendo sukanatheka. A Simioni anamwalira mu Malichi. Ku Nkhudzi anabwerera m'bokosi.

Rabson anabwera kumaliro atamva kale zonse kwa mlongo wake. Sanawafunse mayi ake kanthu. Tsiku lachitatu anabwereka makwerero, anatsitsa fani yoyera ija yekha, n'kuipereka kutchalitchi, kumene denga lake ndi lalitali. Kenako anakweranso, mayi ake akumupatsira mikeka ndi udzu, akumuuza pomanga ndi potsendera. Ali pamwamba, nkhope ili kumalata, ananena kuti Lamulungu lililonse ankawafunsa.

"Unkafunsa, mwanangu. Ndipo ine ndinkayankha."

A Ines anamupatsira mkeka wina.

Mwera anamusenza okha a Ines kupita naye ku Monkey Bay, mwezi wa Ogasiti. A Nassoro anawalandira ndi mawu awo aja, kuti wodwala wanu wabweranso, mama. Anatsegula kumbuyo, anachotsa kachitsulo kakang'ono ngati chala, anaikapo kena, ndipo tiyi amene anawathirira asanazizire mapiko abuluu anali akuzungulira. Anati matenda ake anali ochepa, bwanji anachedwa naye chaka chonse. Kenako anafunsa za bambo. A Ines anawauza. A Nassoro anazimitsa faniyo.

Lero nyumba ija ikuziziranso. A Ines ali ndi zaka makumi asanu, amagulitsa mikeka ndi usipa wowuma, ndipo chilimwe chikafika amaviikabe ziguduli katatu patsiku, ngakhale masana m'chipindamo simugona munthu. A Esitere amabwera kudzakhalamo dzuwa likakula, akuti si bwino mphepo yonseyi izingowonongeka. Alovi akale akadutsa amasuzumira pawindo n'kunena kuti fani ya a Simioni ikadali yamphamvu. Masiku ano a Ines amawayankha. Amati si fani, ndi mikeka, udzu, ziguduli ndi ndowa zisanu ndi imodzi. Alovi amaseka, amayesa mayiwa atengera nthabwala za amuna awo.

Chimene chimawabwerera a Ines kawirikawiri si imfa ayi, poti imfa ikanabwerabe. Ndi miyezi isanu ija ya windo loyang'ana mpanda. Ndiponso dzanja lija pamkeka. Nthawi zina amaganiza kuti linali kupepesa. Nthawi zina amaganiza kuti linali kufunsa zomwe anafunsa Jacqueline. Ndipo nthawi zina, akamatsika ndi ndowa, amakumbukira kuti siginala ndi munthu wa tulo topepuka, wozolowera kumva madzi akasintha kalankhulidwe, ndipo iwo analowa m'chipinda chija katatu patsiku kwa zaka pafupifupi makumi atatu, chiguduli chikudontha pansi. Mwina bamboyo ankadziwa kuyambira kale, ankangotseka maso. Ngati zinali choncho, ndiye kuti tsiku lija Rabson atafunsa panalibe chilichonse choti abise.